Mmene Mungafufuzire ndi Kulemba Mbiri ya Sitolo Yaikulu ya Mumzinda Waung'ono

Mizinda ing'onoing'ono yambiri inakhalapo ndi sitolo imodzi yaikulu imene aliyense ankaidziwa, sitolo ya nsanjika ziwiri kapena zitatu pamsewu waukulu, momwe munthu ankatha kugula nsalu, nsapato, ziwiya za kukhitchini, mipando ndi zidole za ana popanda kutuluka panja, chifukwa katundu aliyense anali ndi chigawo chake, ogulitsa ake ndiponso mkulu woyang'anira chigawocho. Masitolo ambiri otere anatsekedwa, ndipo nyumba zake zinasanduka maofesi, zinagumulidwa, kapena zangotsala zigoba zokhomedwa matabwa m'mawindo. Munthu amene akufuna kulemba mbiri ya sitolo yotere sasowa omuuza nkhani, pakuti wachikulire aliyense mumzindamo ali ndi yake. Chimene chimasowa ndi umboni wosonyeza kuti zimenezo zinachitika liti, ndiponso ngati zinachitikadi. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenera kuyambira pamapepala okhala ndi madeti, kenako n'kupita kwa anthu, osati kuyambira kwa anthu n'kumasaka mapepala oti avomereze zimene mwamva kale.

Chaka cholembedwa pamwamba pa khomo

Chinthu choyamba chimene mudzakumane nacho ndi chaka chimene sitoloyo inkanena kuti inayamba, cholembedwa pachikwangwani, pamatumba onyamulira katundu kapena pamapepala ake a makalata. Chilembeni m'kope lanu, koma musachitenge ngati chotsimikizika. Kwa wamalonda, kukhalitsa pamsika ndi nyambo yokopera ogula, choncho eni sitolo ankasankha chaka chakale kwambiri chimene akanatha kuchiikira kumbuyo, mwina chaka chimene agogo awo anafika mumzindamo atasenza mtolo wa nsalu, mwinanso chaka chimene kanatsegulidwa kasitolo kena kamene iwo anadzakagula patapita zaka makumi awiri. Ngakhale masitolo otchuka padziko lonse ali ndi vuto lomweli. Le Bon Marché ya ku Paris inayamba ngati sitolo yaing'ono mu 1838, Aristide Boucicaut analowa nawo m'bizinesiyo mu 1852, ndipo nyumba yaikulu imene inaitchukitsa anayamba kuimanga mu 1869. Zaka zitatu zonsezi n'zoona, koma chilichonse chikuyankha funso lakelake.

Inunso gawani funso lanu patatu. Banjalo linayamba liti kuchita malonda mumzindamo? Linasamukira liti pamalo amene anthu amawakumbukira? Nanga sitoloyo inaleka liti kukhala ya nsalu kapena ya zitsulo zokha n'kukhala ya zigawo zambiri? Funso lachitatuli ndi lovuta koposa, chifukwa kusinthako kunkachitika pang'onopang'ono, mwini sitolo akagula nyumba yoyandikana nayo n'kuboola khoma. Olemba mbiri ya zamalonda amakonda kutchula Bainbridge ya ku Newcastle, imene inayamba mu 1838, chifukwa pofika mu 1849 inkalemba ndalama zolowa pamlungu chigawo chilichonse pachokha. Chizindikiro chake ndi chimenecho: si kukula kwa nyumba ayi, koma kuwerengera phindu la chigawo chilichonse padera.

Dzina nalonso limanyenga. James Cash Penney atatsegula sitolo yake yoyamba ku Kemmerer, m'chigawo cha Wyoming, mu 1902, pachikwangwani panalembedwa kuti Golden Rule, ndipo dzina loti J. C. Penney Company linabwera mu 1913. Sitolo yoyamba ya William Henry Belk, imene inatsegulidwa ku Monroe, North Carolina, mu 1888, inkatchedwa New York Racket. Wofufuza amene angasake dzina lomaliza lokha m'mapepala a zaka zoyambirirazo sangapeze kanthu, ndipo angaganize molakwa kuti sitoloyo kunalibe.

Gwirani malo, popeza dzina limasintha

Popeza dzina ndi eni ake zimasintha pamene nthaka imakhala pomwepo, maziko a kafukufuku wanu akhale adiresi. Yambani ndi chaka chimene mukudziwa bwino, monga chaka chimene sitoloyo inatsekedwa, ndipo muzibwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Kuyambira kutsogolo n'kumabwerera kumateteza munthu kuti asalumikize masitolo awiri osiyana chifukwa chakuti eni ake anali ndi dzina lofanana.

Thandizo lalikulu pano ndi mabuku a maina ndi maadiresi a anthu ndi mabizinesi a mumzinda, amene ankasindikizidwa chaka ndi chaka kapena pakapita zaka zingapo. Ku Britain otchuka anali a Kelly's, ku America a R. L. Polk, ndipo m'maiko ambiri mabuku a manambala a telefoni amagwira ntchito yomweyo. Ambiri mwa mabukuwa ali ndi chigawo chimene chimandandalika nyumba motsatana mumsewu, moti mungaone amene anali kumanja ndi kumanzere kwa sitoloyo, ndiponso chaka chimene oyandikana nawowo anazimiririka chifukwa sitoloyo inawameza. Kumbukirani zinthu ziwiri. Bukuli linkasonkhanitsidwa miyezi ingapo lisanatuluke, kotero zimene lili nazo nthawi zambiri ndi za chaka cham'mbuyo. Komanso makhonsolo ankasintha manambala a nyumba ndi maina a misewu, monga momwe mzinda wa Chicago unachitira mu 1909, choncho nambala ikasintha mwadzidzidzi musafulumire kunena kuti sitoloyo inasamuka. Yang'anani oyandikana nayo, ndipo ngati onse asintha manambala nthawi imodzi, chimene chasintha ndi kawerengedwe chabe.

Mapu a makampani a inshuwalansi ya moto ndi chuma china chimene anthu ambiri sachidziwa. Kampani ya Sanborn inayamba kujambula mapu otere ku America m'zaka za m'ma 1860, ndipo a Charles E. Goad anachita chimodzimodzi ku Canada ndi ku Britain. Mapuwa amasonyeza nyumba iliyonse, chiwerengero cha nsanjika zake, makomo, masitepe, chikepe ngati chinalipo, ndi ntchito ya chipinda chilichonse chachikulu. Pamapu a Sanborn mtundu wofiirira umaimira njerwa ndipo wachikasu umaimira matabwa. Mukaika mapu a zaka ziwiri zosiyana pambali pa anzake, kukula kwa sitoloyo kumaoneka ndi maso. Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaika mapu ambiri a Sanborn pa intaneti kuti aliyense awaone kwaulere. Kumene mapu otere kulibe, pitani ku ofesi yoona za malo ndi ku khonsolo, kumene kumapezeka zikalata za umwini wa malo, mapulani a nyumba amene anavomerezedwa, ndi kaundula wa msonkho wa nyumba. Msonkho ukakwera kwambiri m'chaka chimodzi pamene wa oyandikana nawo sunasinthe, ndiye kuti pamalopo panamangidwa china chake.

Zonsezi muzizilemba patsamba limodzi lokhala ndi mizere: chaka, dzina la bizinesi, adiresi, mwini wake, ndi kumene mwazipeza. Tsamba limeneli ndilo msana wa mbiri yonse.

Nyuzipepala ya mumzindamo

Pano ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa sitolo yaikulu ndi nyuzipepala ya mumzinda waung'ono zinkadalirana kwambiri. Sitoloyo nthawi zambiri inali pakati pa otsatsa malonda aakulu m'nyuzipepalamo, ndipo inkagula malo mlungu uliwonse kwa zaka zambirimbiri. Nyuzipepala zakale zimapezeka ku laibulale ya mzinda, zomangidwa ngati mabuku kapena zojambulidwa pa microfilm, filimu yokhala ndi tizithunzi ting'onoting'ono ta masamba, ndipo zambiri zili pa intaneti: Chronicling America ya ku America, Trove ya ku Australia ndi Papers Past ya ku New Zealand n'zaulere, pamene British Newspaper Archive ndi yolipira. Posaka pakompyuta dziwani kuti makina owerenga zilembo zakale amalakwitsa kwambiri, makamaka pa zotsatsa malonda, pomwe dzina la sitolo linkalembedwa mokongoletsa kapena kujambulidwa ngati chithunzi. Sakani dzinalo m'kalembedwe kosiyanasiyana, sakaninso adiresi ndi dzina la mwini wake, ndipo pamapeto pake sankhani miyezi ingapo muiwerenge tsamba ndi tsamba.

Chotsatsa malonda chimodzi chimanena zambiri kwa munthu wodekha. Tiyerekeze kuti mwatsegula tsamba la mwezi wa December m'chaka china cha m'ma 1920, ndipo theka la tsambalo ndi la sitolo yanuyo. Maso amathamangira pazithunzi za madiresi ndi zipewa, koma inu yambirani pansi, pa tizilembo ting'onoting'ono. Pamenepo pali adiresi, imene mwina tsopano ikutchula manambala atatu m'malo mwa imodzi. Pali nambala ya telefoni ya manambala awiri kapena atatu okha, imene ikukuuzani kuti sitoloyo inali pakati pa oyamba kukhala ndi telefoni mumzindamo. Pali nthawi yotsegulira ndi yotsekera, ndiponso tsiku limene ankaweruka masana. Chapakati pali mawu oitanira makolo kuti abweretse ana kudzaona zidole pansanjika yachiwiri, ndipo mawu amenewo okha akutsimikizira kuti pofika chaka chimenecho nsanjikayo inali itatsegulidwa kwa ogula. Onaninso mmene dzina lalembedwera. Dzina la munthu mmodzi likasanduka la munthuyo ndi m'bale wake, kenako la iye ndi ana ake, kenako la kampani yolembetsedwa kuboma, mwaona mibadwo itatu ya banjalo popanda wina kukuuzani.

Zotsatsazi zimasonyezanso nthawi imene njira zatsopano zogulitsira zinafika mumzindamo. Kuika mtengo umodzi wolembedwa pakatundu m'malo monenerera, kulola munthu kulowa n'kungoyang'ana osagula, ndiponso kubweza ndalama kwa wosakhutira ndi katundu, ndi zinthu zimene zinatchuka ndi amalonda monga Boucicaut ku Paris ndi John Wanamaker, amene anatsegula sitolo yake yaikulu ku Philadelphia mu 1876 m'nyumba imene kale inali yosungiramo katundu wa sitima za pamtunda. Funso lanu si lakuti anayambitsa ndani, koma lakuti zinatenga zaka zingati kuti zifike pamsewu wa mzinda umene mukulembawo, ndiponso kuti amalonda ena a mumsewumo anazilandira bwanji.

Musathere pa zotsatsa zazikulu zokha. Tizidziwitso tofuna antchito timatchula ntchito zimene zinalipo, monga atelala, osoka zipewa, okongoletsa mawindo, oyendetsa chikepe ndi operekera katundu m'makomo. Zidziwitso za zamalamulo zimanena tsiku lenileni limene anthu ochitira limodzi bizinesi anasiyana. Nkhani za moto, zimene zinali zofala m'masitolo odzaza nsalu, zimafotokoza nyumbayo chipinda ndi chipinda ndiponso mtengo wa katundu amene anapsa. Nkhani za m'khoti zokhudza akuba kapena ongongola osabweza zimatchula maina a oyang'anira zigawo amene anakapereka umboni. Mbiri za omwalira zimathandiza pa ubale wa anthu, ngakhale zimakonda kukometsera.

Chenjerani kwambiri ndi nkhani zapadera zokondwerera kuti sitolo yakwanitsa zaka 50 kapena 100. Zimakoma kuwerenga ndipo zimakhala ndi zithunzi zabwino, koma kawirikawiri zinkalembedwa ndi sitolo yomweyo kapena mothandizidwa nayo, ndipo mkonzi sakanafuna kukhumudwitsa kasitomala amene ankamupatsa ndalama zambiri chotero. M'nkhani zimenezi simudzapezamo chaka chimene bizinesiyo inatsala pang'ono kugwa, mkangano wa abale pa chuma cha masiye, kapena sitalaka ya antchito. Ine ndimaziona ngati mndandanda wa zinthu zofunika kuzitsimikizira kwina, pakuti kutsutsa galu n'kukumba.

Mabuku a ndalama ndi zikalata za boma

Mabuku a sitolo yeniyeniyo, ngati alipo, amapezeka m'malo atatu: kwa zidzukulu za eni ake, kumalo osungirako zolembedwa zakale a mzinda kapena a yunivesite yapafupi, kapena ku kampani imene inagula sitoloyo. Funsani za mabuku a malipiro a antchito, mabuku a ongongola, mfundo za misonkhano ya akuluakulu a kampani, timabuku ta malamulo a antchito, ndi makatalogi a katundu. Buku la ongongola ndi lamtengo wapatali chifukwa limasonyeza amene ankagula, kumene ankakhala, ndi nyengo imene ankabweza, moti mungaone ngati sitoloyo inkadalira malipiro a pafakitale kapena zokolola za alimi ozungulira mzindawo.

Ku ofesi yolembetsa makampani, monga Companies House ku Britain, mumapezeka tsiku lolembetsa, maina a eni masheya ndi tsiku limene kampani inathetsedwa. Wofufuza za masitolo a ku America a zaka za m'ma 1800 ali ndi mwayi wina, wa mabuku a R. G. Dun & Co. osungidwa ku Baker Library ya Harvard Business School, momwe anthu otumidwa ankalemba mosapsatira ngati wamalonda wakutiwakuti anali woyenera kumukongoza katundu. Kalembera wa anthu amasonyeza kumene mwini sitolo anabadwira ndi amene ankakhala m'nyumba mwake, koma maina amatulutsidwa patapita nthawi yaitali: ku America zaka 72, moti kalembera wa 1950 anatsegulidwa mu 2022, chaka chomwenso kalembera wa 1921 wa England ndi Wales anatsegulidwa. M'kalembera wa ku Britain mungadabwe kupeza achinyamata makumi angapo osakhala pachibale atalembedwa pa adiresi ya sitolo. Chifukwa chake n'chakuti masitolo ambiri a nsalu kumeneko ankagoneka antchito awo m'zipinda za pamwamba, ndipo malo ogona ndi chakudya zinali mbali ya malipiro.

Nyumbayo ikadalipo, pitani mukaione ndi maso, mutapempha chilolezo kwa amene akuigwiritsa ntchito tsopano. Imani tsidya lina la msewu n'kuyang'ana pamwamba, chifukwa pansi pamasinthidwa kawirikawiri pamene nsanjika za pamwamba zimasiyidwa momwe zinalili. Kusiyana kwa njerwa kumasonyeza pamene nyumba ziwiri zinalumikizidwa, ndipo kukhoma la m'mbali nthawi zina kumatsala dzina lofufutika la penti wakale. Mkati yang'anani kudenga ngati muli zotsalira za mawaya kapena mapaipi otumizira ndalama. Njira imeneyi, imene William Lamson wa ku Lowell, Massachusetts, anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1880, inkachititsa kuti wogulitsa asasunge ndalama pakauntala: ankaziika m'kachitini pamodzi ndi lisiti, kachitiniko n'kuthamanga kupita kwa wosunga ndalama, n'kubwerera ndi chenji. Anthu amene anali ana nthawi imeneyo amaiwala zambiri, koma kachitini kameneka sakaiwala.

Kucheza ndi amene anaiona

Mukakhala ndi tsamba lanu la zaka ndi maadiresi, nthawi yokumana ndi anthu yakwana, ndipo musazengereze, popeza amene akudziwa zambiri ndi okalamba. Ambiri amathamangira kwa banja la eni sitolo, ndipo n'koyenera kuwaona, koma mbiri yokoma ili ndi antchito: mayi amene anagulitsa nsalu zaka makumi atatu, bambo amene ankayendetsa galimoto yoperekera katundu, kalaliki wa ku ofesi ya ngongole amene ankadziwa mavuto a banja lililonse mumzindamo. Ogula anaona sitoloyo kutsogolo kokha, pamene antchito ankaidziwa kuyambira kukhomo la kumbuyo.

Musanayambe kujambula mawu, fotokozani cholinga chanu, kumene zojambulazo zidzasungidwe, ndiponso kuti munthuyo ali ndi ufulu wokana funso kapena wopempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Chilolezocho chikhale cholembedwa ndi chosainidwa. Kenako pewani funso lotambalala monga lakuti sitoloyo inali yotani, chifukwa yankho lake limakhala lakuti inali yabwino kwambiri, basi. Tengani pepala lalikulu lokhala ndi chithunzi cha mmene nyumbayo inagonera, liyaleni patebulo, ndipo funsani kuti, "Mayi, mukafika m'mawa munkalowera khomo liti?" Mudzaona chala chikuyenda papepalapo, kuchokera kukhomo la kumbuyo, kudutsa pamene ankasainira nthawi yofika, kukwera masitepe a antchito, mpaka pakauntala yawo, ndipo paliponse pamene chalacho chaima pamatuluka dzina la munthu kapena nkhani. Funsani zimene ankavala, amene ankagula yunifolomuyo, ngati ankaloledwa kukhala pansi kasitomala kulibe, mmene ankawerengera ndalama ya pamwamba pa malipiro akagulitsa zambiri, chimene chinkachitika ndalama zikaperewera madzulo, ndiponso ngati mkazi ankapitiriza ntchito akakwatiwa, popeza mabizinesi ambiri akale ankamuchotsa. Munthu akakhala chete musamudule ndi funso lina. Nthawi zambiri mawu ofunika amabwera pambuyo pa kacheteko.

Pa zaka, kukumbukira kwa munthu sikodalirika, ndipo si bwino kumutsutsa pamaso. M'malo mofunsa chaka, funsani chimene chinkachitika pamoyo wake nthawi imeneyo, kaya anali atakwatiwa kale, kaya mwana wake woyamba anali atayamba sukulu, ndipo chakacho mudzachipeza nokha pofananiza ndi mapepala anu.

Pali anthu ena amene sabwera okha mukalengeza kuti mukusonkhanitsa zikumbutso, ndipo amenewa muyenera kuwafunafuna. Si onse amene ankalandiridwa mofanana m'masitolowa. Kum'mwera kwa America m'nthawi ya malamulo a tsankho, ndiponso ku South Africa m'nthawi ya apartheid, anthu akuda ankatha kugula koma m'masitolo ambiri sankaloledwa kuyesa chovala kapena kukhala pansi m'chipinda chodyera. Martin Luther King Jr. anamangidwa mu October 1960 pa chionetsero chokana tsankho m'sitolo ya Rich's ku Atlanta. Kwina tsankho linali la chuma, moti wosauka ankaonera pawindo pokha. Mbiri yomangidwa pa mawu a okhawo amene ankaikonda sitoloyo imakhala ya mbali imodzi, ngakhale aliyense mwa iwo atanena zoona.

Chifukwa chimene inatsekedwera

Aliyense mumzindamo ali ndi yankho lachidule pa funsoli, ndipo kawirikawiri amaloza munthu mmodzi, monga mdzukulu amene akuti anawononga chuma, kapena sitolo imodzi yatsopano imene inalanda ogula. Lembani mayankhowo, koma muwaike pambali pa zimene zinkachitika m'dziko lonse, chifukwa masitolo otere anagwa ambirimbiri m'zaka zofanana, ndipo sizingatheke kuti onsewo anali ndi mdzukulu wosakaza. Ku America, Southdale Center, imene inatsegulidwa ku Edina, Minnesota, mu 1956, inasonyeza njira ya misika ikuluikulu yofoleredwa ya kunja kwa mzinda yokhala ndi malo ambiri oimikapo magalimoto, ndipo mu 1962 munayamba Walmart, Kmart ndi Target, masitolo otchipitsa amene sitolo ya banja limodzi sikanatha kupikisana nawo pamtengo popeza iwo ankapikula katundu wochuluka nthawi imodzi. Masitolo ambiri a mabanja anagulidwa ndi makampani aakulu, ndipo maina awo anakhalapo kwa kanthawi kenako n'kufafanizidwa, monga zinachitikira Marshall Field's ya ku Chicago, imene inasanduka Macy's mu 2006. Pambuyo pake kugula pa intaneti kunawonjezera mavuto amene analipo kale. Stuttafords ya ku South Africa inatsekedwa mu 2017, ndipo masitolo omaliza a Debenhams ku Britain anatsekedwa mu 2021.

Ntchito yanu ndi kupeza kuti mwa zifukwa zimenezi ndi ziti zimene zinafika mumzinda wanuwo, ndiponso motsatana bwanji. Fufuzani chaka chimene msewu wolambalala mzinda unatsegulidwa, chaka chimene fakitale kapena mgodi waukulu unachepetsa antchito, chaka chimene mabasi anasintha poima, ndi chaka chimene lendi ya nyumbayo inatha ngati malowo sanali a eni sitolo. Zizindikiro za kufooka zimaoneka m'nyuzipepala zaka zingapo chitseko chisanatsekedwe: zotsatsa zimachepa kukula, chipinda chodyera chimatsekedwa, nsanjika ya pamwamba imachititsidwa lendi kwa ena, zigawo zina zimaperekedwa kwa amalonda akunja. Siyanitsaninso masiku atatu amene anthu amawasokoneza, tsiku limene banja linagulitsa bizinesi, tsiku limene dzina linachotsedwa pakhoma, ndi tsiku limene nyumbayo inaleka kukhala sitolo, chifukwa pakati pa masiku amenewa pakhoza kudutsa zaka zambiri.

Kulemba

Polemba, tsatani nthawi, koma musapatse zaka zonse malo ofanana. Zaka khumi zimene sizinasinthe kanthu zingakwane m'chiganizo chimodzi, pamene chaka cha moto kapena cha kumanga nyumba yatsopano chingafune masamba atatu. Chiganizo chilichonse chokhala ndi chaka, dzina kapena chiwerengero chikhale ndi pepala limene mungaloze wina akakufunsani. Zimene mwamva kwa munthu mmodzi yekha zilembeni monga mawu a munthuyo, ndipo pamene maumboni awiri akutsutsana, aikeni onse awiri n'kunena umene mukuukhulupirira ndi chifukwa chake. Mitengo yakale musangoisandutsa ndalama za lero. Ndi bwino kuiyerekeza ndi malipiro a pamlungu a wogulitsa wa m'sitolo momwemo, kuti wowerenga aone masiku angati amene mayi uja akanagwira ntchito kuti agule chikhoti chimene ankagulitsa. Nkhani zonyozetsa anthu amene ali moyo kapena ana awo, monga maina a m'buku la ongongola kapena a ogwidwa akuba, zisiyeni kunja pokhapokha ngati mbiriyo singamveke popanda izo.

Zithunzi zobwereka muzizijambula pa sikana n'kubweza mwamsanga, mutalemba mwini wake, wojambula ngati akudziwika, ndi chilolezo chozisindikiza, chifukwa kukhala ndi chithunzi m'manja sikutanthauza kuti muli ndi ufulu wochifalitsa. Chithunzi chopanda deti mungachipezere nyengo poyang'ana magalimoto oima panja, zikwangwani za masitolo oyandikana nawo, ndi chiwerengero cha nsanjika, n'kufananiza ndi tsamba lanu lija. Mukamaliza, perekani mbiriyo ku laibulale ya mzindawo pamodzi ndi mawu amene munajambula, zikalata za chilolezo, ndi tsamba la zaka ndi maadiresi, ndipo pafayilo iliyonse ya mawu lembani dzina la wolankhula, tsiku limene munacheza naye, ndi chigawo cha sitolo chimene ankagwiramo ntchito.